Mphete ya Alamu Anga a Delbert

Alamu anga a Delbert Huckaby anali ndi mfundo imodzi yokha moyo wawo wonse, ndipo anaisamala kuposa mmene ena amasamalira ana awo. Mfundoyo inali yakuti akatswiri a mpira wa m'makoleji m'dziko muno azipezeka pa bwalo, mwa chipulula: matimu asanu ndi atatu, azikumana awiriawiri, yogonja izitola zisoti zake n'kumapita kwawo, mpaka itsale imodzi. Zoti atolankhani azikhala m'maofesi ku New York n'kumavotera timu imene sanaionepo n'komwe, iwo ankati n'chimodzimodzi kugula ng'ombe pa telefoni. Pano pa tauni yathu anthu ankangowatchula kuti Bambo Chipulula, ndipo iwo ankayankha.

Ndinawadziwa ndili mtsikana, pamene ankafunsira achemwali anga a Lavonne. Nthawi imeneyo ankasewera mu timu ya Koleji ya Cimarron, imene ili kuseri kwa nkhokwe za tirigu ukamachoka kwathu. Ntchito yawo inali kuwerama pa mpira, kuupereka pakati pa miyendo kwa munthu wa kumbuyo, kenako kugundana mitu ndi aliyense amene waima patsogolo pawo. Si ntchito imene munthu amatchuka nayo. Nyuzipepala inawajambulapo kamodzi, koma chimene chinaoneka ndi msana.

M'chaka chawo chomaliza pa kolejipo timuyo inasewera kakhumi n'kupambana kakhumi. Tsoka lake, kutali ku Pennsylvania kunali timu ina, ya Koleji ya Wexford, imene nayonso sinagonjepo. Matimu awiriwa sanakumane, ndipo panalibe lamulo lowakumanitsa. Atolankhani anavota, wailesi inalengeza Lolemba masana: Wexford yoyamba, Cimarron yachiwiri. Bambo anga anazimitsa wailesi n'kupita kukadyetsa nkhumba ngakhale anali atazidyetsa kale. Mpaka lero kuno sititchula nambala ya chakacho, timangoti chaka chija, ndipo ngakhale ana obadwa dzana amadziwa chimene tikunena.

Pali china chimene anthu a pa tauni sankachidziwa. A Delbert anali atalonjeza achemwali kuti mphete ya akatswiri ikangobwera, idzakhala yawo. Mphete zimenezo zimakhala zazikulu, za chala cha mwamuna, ndiye atsikana ankazikulunga ulusi mkati kuti zisavuke. Achemwali anali atagula kale ulusi wofiira, mtundu wa timu. Voti itatuluka anakwatirana ndi kamphete kopyapyala ka agogo athu, ndipo ulusi uja unathera pa masokosi a Trudy, mwana wawo woyamba. Achemwali sanaitchulenso nkhaniyo. Iwo ndi munthu woti nyumba itapsa angafunse kaye ngati aliyense wadya.

Alamu anatsegula galaja yokonza mathirakitala, ndipo pa chitseko analembapo ndi utoto wofiira 10–0, manambala aakulu oti woyendetsa sitima ankawaona. Anali mmisiri wabwino ndithu, koma kukonzetsa thirakitala kwa iwo kunkafunika munthu wopanda changu. Ankatenga mabawuti asanu ndi atatu, n'kuwandandalika pa boneti, n'kuyamba kukufotokozera kuti woyamba akumane ndi wachisanu ndi chitatu, wachiwiri ndi wachisanu ndi chiwiri, onse pa bwalo lopanda mwini. Alimi ena anaphunzira kukonza okha mathirakitala chifukwa cha iwo, ndiye tinganene kuti anatukula dera.

Kunyumba kunali chimodzimodzi. Pa tsiku lothokoza, nkhukundembo itafika pa tebulo, ukafuna mchere unkapeza kuti mchere ndi Cimarron ndipo uli mkati mwa masewero ndi botolo la tomato. Unkadikira kuti ugonje kaye, koma mchere sunkagonja. Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo chaka china ndinalanda Cimarron n'kuithira pa mbatata zanga alamu ali pakati pa chiganizo. Anangondiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, “Alamu, mwachita zimene anachita a ku New York.”

Mfundoyo ankainyamula kulikonse. Pa ukwati wa Trudy, umene unachitika mu Juni chifukwa kuno munthu wanzeru sakwatitsa mwana Loweruka la nyengo ya mpira, anaimirira kuti adalitse banja latsopano, anatchula dzina la mkamwini kamodzi, kenako anapempha matambula asanu ndi atatu. Ku tchalitchi, abusa athu atapuma, anapereka ganizo loti ofuna ntchitoyo azilalikira awiriawiri Lamlungu lililonse, wogonetsa anthu ambiri azibwerera kwawo. Akulu a mpingo anakana, n'kusankha mwa voti, ndipo tinapeza abusa amene anatigonetsa zaka khumi ndi ziwiri. Pa wailesi ya m'dera lathu, pa pulogalamu yoimbira foni ya zamasewero, ankangoti akamva mawu awo n'kuika nyimbo.

Sindikufuna muwaone ngati munthu wosokonekera mutu. Analera ana atatu, sanamwepo mowa wopitirira, ndipo mwamuna wanga atamwalira ndi iwo amene ankabwera kudzandichotsera chipale pakhomo, osanena kanthu, ngakhale za chipulula. Ndinkawakonda kwambiri alamu angawo. Kungoti pamtima pawo panali chinthu chosatha, ndipo anthu onse tinazolowera kuchilambalala monga mmene umalambalalira mpando woikidwa pakati pa njira.

Patatha zaka makumi asanu chichitikireni chaka chija, foni inalira ndili kwawo kothandiza achemwali kuika mapichesi m'mabotolo. Anali mayi wina wa ku ofesi ya koleji, wa mawu okoma. Anati apeza kuti kamagazini kena ka alimi, kamene kanatha kalekale, kanaika Cimarron pa nambala wani chaka chimenecho. Choncho akuluakulu a koleji agwirizana kuti nawonso azidzitchula akatswiri a chakacho, apachika mbendera pa bwalo, ndipo osewera amene adakali moyo adzalandira mphete pa nthawi yopuma ya masewero a mu Okutobala, pamaso pa anthu onse.

A Delbert anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, “Mwati agwirizana. Agwirizana bwanji, mayi?”

“Anavota, bambo. Onse anakweza manja.”

Anathokoza, anaika foni pansi, n'kupita ku galaja. Achemwali anapitiriza kusenda mapichesi. Koma Lachisanu lake tili ku sitolo, ndinawaona akuika m'chikwama kampukutu ka ulusi wofiira, ndipo iwo anali atasiya kuluka kalekale chifukwa cha nyamakazi. Anandiona kuti ndawaona. Tonse tinayang'ana mitengo ya sopo.

Tauni yonse inasangalala, kupatula munthu mmodzi amene ankayenera kusangalala kwambiri. Alamu anasiya kudya bwino. Mphete ankaifuna, zimenezo musakayike, ankaifuna ngati madzi, ndipo ankadziwanso chala chimene chinkaidikira. Koma munthu amene wanyoza mavoti zaka makumi asanu, m'galaja, mu tchalitchi, pa ukwati wa mwana wake, angakatambasule bwanji dzanja pakati pa bwalo n'kulandira mphete ya voti?

A Royce Tull anabwera kudzawanyengerera. A Royce ndi amene ankaima kumbuyo kwawo n'kulandira mpira chaka chija, ndipo tsopano ankayenda akukoka kabotolo ka mpweya pa timatayala. Anakhala pa khonde, anapuma kaye, kenako anati, “Iwe Delbert, usatisokonezere. Tatsala ochepa, ndipo ine adokotala akuti Khirisimasi ndikaiona ndi mwayi. Atipatsa, tilandire. Mphete sifunsa kuti wandipeza bwanji.”

Alamu anati sakuletsa munthu, aliyense akalandire yake. Koma iwo adzavala yawo pokhapokha masewero aja ataseweredwa.

“Ndi ndani? Theka la timu ija lili kumanda.”

“Theka linalo lilipo.”

“Nanga ukakagonja?”

“Ndiye kuti tinagonja, Royce.”

A Royce anawatukwana mawu amene sindingalembe, n'kukoka botolo lawo kubwerera ku galimoto. Anati iwo sapita kukataya pa udzu chinthu chimene apatsidwa kale m'manja.

Munthu amene alamu ankamufuna ankamudziwa dzina kuyambira kale: Casimir Dombek, amene ankaima pakati pa mzere wotchinga wa Wexford. Matimuwo akanakumana, ndiye amene akanagundana naye mitu. Anamupeza kudzera kwa a telefoni, m'tauni ina ya mafakitale a zitsulo amene anatsekedwa. Ine ndinkayembekeza kuti mkuluyo adula foni. Koma alamu atangoti ndine Huckaby wa ku Cimarron, kunali zii kwa kanthawi, kenako mawu okhuthala anati, “Mwachedwa bwanji, achimwene?”

Zinapezeka kuti naye a Dombek sanaupeze mtendere. Moyo wawo wonse, akangokumana ndi munthu wochokera kumadzulo kuno, ankauzidwa kuti ukatswiri wanu ndi wa papepala. Mphete sanalandirenso, koleji yawo inawapatsa mawotchi amene anafa chaka chisanathe. Anzawo amene anatsala, ena anali m'nyumba zosungira okalamba, ena akazi awo anawakaniza. Anati abwera okha.

Bwalo linayenera kukhala lopanda mwini, ndiye anapinda mapu pakati n'kupeza katauni kena ku Illinois. Tinapita atatu pa pikapu ya alamu, ine ndikuyendetsa chifukwa maso awo anali atayamba kuvuta. Ndinavomera poganiza kuti ndikupita ngati dalaivala basi. Tili m'njira m'pamene anandiuza kuti popeza a Royce akana, wolandira mpira ndikhala ine. Ndinawauza kuti ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu, ndimaimba limba ku tchalitchi, ndipo sindikaika manja anga pansi pa matako a mwamuna wa achemwali anga. Achemwali, ali pa mpando wapakati, anati, “Kaike. Palibe chimene ukapezeko.”

A Dombek tinawapeza atakhala pa benchi kunja kwa motelo, munthu wamkulu ngati kabati, khutu lina lili ndi kachipangizo komvera, bondo lina lachitsulo. Anabweretsa soseji wa kwawo wa adyo wambiri, achemwali anatulutsa payi ya mapichesi, tinadya kaye. Amuna awiriwo anaonetsana mapilitsi awo, napeza kuti atatu ndi ofanana. A Dombek ankatchula achemwali kuti amayi, ine kuti mtsikana, ndipo ndinawakhululukira zambiri chifukwa cha zimenezo.

Malamulo anagwirizana pomwepo. Mpira uikidwe phazi limodzi lalikulu kuchokera pa mzere. Alamu aupereke kwa ine, akankhe a Dombek, ine nditsatire kumbuyo kwawo. Mpira ukadutsa mzere, Cimarron yapambana, ukalephera, Wexford. Kuyesa kamodzi kokha, chifukwa maondo amene analipo sakanalola kawiri. Alamu anadandaula kuti awiri pa mmodzi si chilungamo, koma a Dombek anayang'ana nsapato zanga za ku tchalitchi n'kunena kuti chilungamo chilipo chokwanira. Woimbira anasowa. A Dombek analoza achemwali. Alamu anawachenjeza kuti ameneyo ndi mkazi wanga, iwo n'kuyankha kuti akhala pa banja nthawi yaitali ndipo sakuona kuti zimenezo zingathandize mwamuna.

Kuseri kwa moteloyo kunali kapinga, kupitirira apo munda wa chimanga. Dzuwa linali pamutu. Chinasowa ndi mzere. Anayesa kukanda ndi chidendene koma udzu unali wokhuthala, anafunsa laimu ku ofesi koma kunalibe. Tikuzungulirazungulira choncho, achemwali anatsegula chikwama, anatulutsa ulusi wofiira uja, anamanga nsonga ina pa mpanda, ina pa mwendo wa benchi, n'kuukoka mpaka unawongoka pa udzu. A Delbert anauyang'ana ulusiwo, anayang'ana akazi awo. Anauzindikira, ndinaona khosi lawo likuyenda. Sananene kanthu, anangovala chisoti chawo chakale chimene chinkawalowabe.

Kuwerama kokhako kunatenga nthawi. A Dombek anavula magalasi n'kuwapereka kwa woimbira, anatsika pang'onopang'ono akugwira bondo. Alamu anagwira mpira. Zipumi zawo zinatsala pang'ono kukhudzana, ndipo ndinamva a Dombek akunena chapansipansi kuti, “Bwera, mdala.” Ndinaika manja pamene ndinalumbira kuti sindiika, ndinafuula monga anandiphunzitsira m'galimoto, mpira unagunda zikhatho zanga.

Ndikanakonda kunena kuti kunali kugunda kwa mabingu, koma anangotsamirana. Anatsamirana ndi mphamvu zawo zonse, akubuula, mapazi akukumba udzu, osasuntha. Kenako a Dombek anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kubwereranso pang'ono. Ine ndinakumbatira mpira, ndinaika phewa pa msana wa alamu n'kukankha, ndipo ndikuuzeni zoona, pa nthawi imeneyo ndinaifuna mphete ija kuposa onsewo. Ndinaiwala limba, ndinaiwala msinkhu, ndinatukwana Pennsylvania yonse. Basi a Dombek anachita zimene anaphunzitsidwa ali mnyamata, anadzigwetsa pansi n'kukumbatira miyendo. Tonse atatu tinagwa mulu umodzi, ine ndikutambasula mpira kutsogolo mmene ndikanathera.

Palibe mwa ife amene ankaona mzere. A Dombek nkhope inali mu udzu, magalasi alibe. Alamu chisoti chinali chitawaphimba maso. Ine ndinagwa chagada, mikono ili kumutu, ndikuona mitambo. Amene ankaona anali achemwali okha. Ndinamva akuyandikira, ndinamva maondo awo akulira pogwada. Anakhala pamenepo nthawi yaitali ndithu. Akanangonena mawu amodzi, palibe munthu pa dziko lapansi akanawatsutsa.

“Simunafike,” anatero.

Mkati mwa chisoti munatuluka mawu a alamu: “Kwatsala bwanji, amayi ake Trudy?”

“Chikhatho.”

Kunali chete. Kenako alamu anakankha chisoti m'mwamba, anapumira m'mwamba kangapo, n'kunena kuti, “Inali timu yabwino ija.” Anapatsana moni wa m'manja ndi a Dombek ali chigonere, chifukwa panalibe amene akanatha kudzuka. A Dombek ankalira poyera, misozi ikusakanikirana ndi udzu, akubwereza kuti akanapatsidwa mpata wachiwiri sakanawagwira. Alamu anawauza kuti mu chipulula mulibe mpata wachiwiri, ubwino wake ndi umenewo. Tinawadzutsa mothandizidwa ndi mayi wina amene ankayanika nsalu za pa bedi, amene sanafunse funso ngakhale limodzi.

Ine ndinakwiya, ndipo sindinabise. Pobwerera, alamu atagona tulo atatsamira zenera, ndinawafunsa achemwali kuti chikhatho n'chiyani, ndani akanadziwa, munthu wadikira zaka zonsezi, inunso mwadikira. Iwo ankakulunga ulusi uja pa zala, wonyowa, wodetsedwa ndi udzu. Anati, “Akanandifunsa tsiku lililonse mpaka imfa. Ine kunama ndimatha kamodzi, kawiri sindingathe.”

Titafika, alamu anatenga utoto n'kukonza chitseko cha galaja kuti chiziti 10–1. Tauni inawawidwa. Ena anasiya kuwapatsa moni, wina anabwera kudzafufuta, iwo analembanso. Tsiku la mphete sanapite. Dzina lawo linaitanidwa pa zokuzira mawu, anthu anaomba m'manja, pa mzere wa madala panali mpata. A Royce analandira yawo, anaiona Khirisimasi, ndipo anaikidwa m'manda ataivala. Alamu ananyamula nawo bokosi, kumutu.

Koleji inatumizabe mpheteyo pa positi. Inafika alamu ali ku galaja, ine ndili pa khichini ndi achemwali. Anatsegula kabokosiko, anaiika pa chala, inali yaikulu moti inkazungulira yokha. Anatambasula dzanja cha ku zenera, anaiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti ndi yolemera kuposa mmene ankaganizira. Kenako anaibweza m'kabokosi, anamanga ndi ulusi uja, n'kundituma kuti ndikaitumize kwa a Dombek, popeza ndi amene anapambana. Ndinalira njira yonse ya ku positi ofesi, ndipo ndinali ndidakali wokwiya.

Alamu anakhala zaka zina zinayi. Za chipulula sanasiye, koma ankazinena mofatsa, ndipo ukapempha mchere ankakupatsa. Ananenepa pang'ono. Lamlungu lililonse madzulo ankaimbirana foni ndi a Dombek n'kumakangana za maondo. Anamwalira m'galaja mwawo, masika, chipulula chenicheni chisanayambe. Chitabwera chinali cha matimu anayi okha, ndipo pa tauni yonse panalibe amene sanadziwe zimene akananena.

Pa mwala wa pa manda awo pali dzina, zaka, ndi manambala amene anasiya atanena: 10–1. Chaka chatha tikuika maluwa, panafika bambo wina wa bungwe la ophunzira akale a koleji, waulemu wake, atavala chipewa chofiira. Anati waona kuti wosema miyala analakwitsa, timu ya chaka chija sinagonjepo, ndipo bungwe lawo ndi lokonzeka kukonzetsa mwalawo kuti mbiri isapotoke.

Achemwali sanadzuke pamene anagwada. Anapitiriza kuzula udzu m'mbali mwa mwala.

“Musiyeni choncho, bambo,” anatero. “Anagonja. Ndinaimbira ndine.”